Migolo Yabuluu ya a Kapitawo

"Bwerezaninso, bambo, mwina makinawa anditseka makutu. Mwati mwavomera chiyani?"

Amayi anali atachotsa phazi pa makina osokera, singano ili chilowere mu jasi la mvula la eni ake. Abambo anali pampando wawo wa pakhomo, miyendo yawo yotupa ataisanjika pa beseni lovundikira.

"Ndati achimwene abweretsa migolo yotsala ija ya ku fakitale. Tikumba dzenje kuseriku, tikwirira, basi nkhani yatha."

"Kuseri kwake kuti? Kumene kuli chitsime?"

"Nanga tili ndi kuseri kungati, mayi?"

Ine ndinali pakhonde ndikuyamwitsa mwana wanga wakhanda, ndipo ndinamva sizasi ikugwera patebulo. Amayi akaponya sizasi, ngakhale nkhuku za aneba zimadziwa kuti lero si tsiku lolowa m'nyumba muno.

"Dzenje loyamba lija silinakukwaneni?" anatero amayi. "Chitayireni zotsalira zawo mmenemo, madzi a pachitsime akuchita thovu ngati wina wachapiramo. Lero mukufuna kuwonjezera migolo yodzaza?"

"Achimwene anati mankhwala aja amawola ngati manyowa. Nthaka imadya chilichonse, mayi. Imadya chitsulo, imadya munthu, ndiye ilephere madzi a mumgolo?"

"Ngati ndi manyowa, akawakwirire kuseri kwa nyumba yawo ya kampani ija. Kuli kapinga kumene kuja, asangalala."

"Inu, amene aja ndi mkulu wanga. Ntchito anandipezera ndi iwowo. Chibale ndi fupa, sichiwola."

"Mlandunso suwola, bambo. Tayang'anani miyendo yanuyo."

Abambo sanayang'ane. Anatembenukira kukhoma, ndipo amayi anapondanso makina mwaukali mpaka ulusi unaduka.

Mkulu wawo wa abamboyo ndi kapitawo pa fakitale yopanga malona ndi majasi a mvula. Kwa ine ndi abambo aakulu, koma pakamwa panga panakana dzina limenelo kalekale, choncho ndimangoti a Kapitawo monga amanenera aliyense. Abambo anga ntchito yawo inali yoviika nsalu m'thanki ya mankhwala oletsa madzi kulowa, ndi manja opanda kanthu, mpaka thupi litawakanika. Tili ana tinkapikisana kuwathirira madzi osamba m'manja akaweruka, chifukwa madziwo ankapanga timikanda n'kumagubuduka pakhungu osanyowetsa. Tinkaseka mpaka kugwa, tikuti abambo athu ndi amatsenga.

A Kapitawo anabwera okha mawa lake, nsapato zikuwala, makiyi a nyumba yosungiramo katundu akulira m'chiuno. M'khwapa anali atapanira mtolo wa zidutswa za nsalu.

"Alamu, ndakutengerani izi musokere anyamata a njinga zamoto zovundikira mipando. Ndi nsalu yatsopano imeneyi."

Amayi anatenga chidutswa chimodzi n'kuchinunkhiza. "Ikununkha kandulo."

"Ndi phula limenelo, losakaniza ndi mafuta a zomera. Ogula akunja akukana mankhwala akale aja, ndiye tasintha. Awa akuti ndi ofatsa, akagwera m'nthaka tizilombo timawadya n'kutha. Kungoti jasi lake ukalichapa kambirimbiri limayamba kulowa madzi, anthu ayamba kale kudandaula."

"Bola msana wonyowa kusiyana ndi miyendo yotupa," anatero amayi. "Ndiye mwati atsopanowa ndi amene amawola. Nanga akale aja?"

A Kapitawo anaseka, kuseka kwawo kuja koyambira m'mimba. "Onse amawola, alamu, kungoti ena amachedwerako pang'ono. Inu sokani, za mankhwala tisiyireni ife."

"Nanga n'chifukwa chiyani mukufuna kuwabisa?"

"Ndani wati kubisa? Abwana anena kuti akale onse achoke, a zachilengedwe akabwera kudzayendera apeze mosungiramo muli mbee. Akuti akawotchedwe ku ng'anjo ina yake yakutali uko. Ine ndione lole ikupita ulendo wonsewo pamene mng'ono wanga ali ndi malo? Tikakhuthulira mankhwalawo m'dzenje, migoloyo mudzasungiramo madzi, monga ina ija ndinagawira anthu mumsewu muno. Sanandithokoze onse?"

Zoona anathokoza. Pafupifupi khomo lililonse mumsewu mwathu linali ndi mgolo wabuluu pansi pa denga, wotsukidwa ndi sopo ndi mchenga mpaka kuwala. Tonse tinkakhulupirira kuti chimene chatsukidwa chayera.

Sabata yotsatira abambo anadzuka nkhope itatupa mpaka maso kutsala timing'alu. Tinawatengera kuchipatala ine ndi amayi, mwana ali kumsana. Dokotala wake anali mayi wa imvi zochepa, wosathamanga polankhula. Atawapima magazi ndi mkodzo anatiuza kuti impso zatopa kwambiri, kenako anafunsa ntchito imene abambo ankagwira. Amayi anafotokoza zonse, za thanki, za dzenje, za thovu, mpaka za migolo.

"Sindingalumbire kuti mankhwalawo okha ndi amene awononga impsozi," anatero dokotala, "koma mtundu umenewo timaudziwa. Ndi mankhwala okhala ndi fulorini, ndipo anawapanga dala kuti asagonje ku madzi, ku mafuta kapena ku kutentha. Tizilombo ta m'nthaka timene timawoletsa zinthu sitiwatha. Akalowa m'madzi amakhala momwemo, akalowa m'magazi amatenga zaka kuti achepe."

"Koma madzi athu timawiritsa," anatero abambo ndi mawu ofooka.

"Kuwiritsa kumapha majeremusi, bambo. Awa si amoyo, ndiye mupha chiyani?"

Kenako dokotala anayang'ana mwana wanga, n'kuyang'ana ine. "Mukumwa madzi omwewo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Musasiye kuyamwitsa, bere likadali chakudya chake chabwino koposa. Koma madzi amenewo muwasiye lero lomwe, chifukwa zimene mayi wamwa, zina zimafika kwa mwana."

Sindinalire. Ndinangolakalaka a Kapitawo atakhala patsogolo panga ndili ndi sizasi ya amayi m'manja. Mwana wanga anali asanamere ndi dzino limodzi lomwe, koma anali atalandira kale gawo lake la fakitale.

Pobwerera, tili pa benchi podikira basi, amayi anafunsa mwakachetechete. "Mwamva, bambo?"

"Ndamva. Koma achimwene sankadziwa. Iwonso anangouzidwa kuti amawola. Munthu sangathire poizoni m'chitsime cha mng'ono wake akudziwa."

"Ndiye migolo ija ibwerebe?"

"Ndinawalonjeza kale, mayi. Tidzakumba patali ndi chitsime. Ndikawakaniza awachotsa ntchito, ndiye ana awo adya chiyani?"

Ine ndinkadikira mkuntho, koma amayi anangokonza mpango wawo n'kunena kuti, "Chabwino. Auzeni abwere nayo."

Titafika kunyumba ndinawatsatira m'chipinda chosokera. "Amayi, mwagonja?"

"Iwe, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikamugenda pano ndiswa mtima wa bambo ako, ndipo adzafa akunena kuti ndinadana ndi m'bale wawo popanda chifukwa. Ndikufuna atsike yekha pamkhatepo, bambo ako akuona ndi maso awo. Akatsika ndiye udzandidziwe."

"Mukufuna kuwatani?"

"Ndikufuna makiyi aja achoke m'chiuno mwake. Ndikufuna nsapato zija zidye fumbi. Ndikufuna adzaime pakhomo pano ngati wopempha, ine ndikusoka osadzutsa mutu. Mulungu andikhululukire pambuyo pake, panopa ayambe wadikira."

Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kutunga madzi ku mpopi wa kuseri kwa sukulu, ulendo wotopetsa wokwera chitunda ndi zigubu pa wilibala. Amayi anadzaza botolo ndi madzi a pachitsime, analikhutchumula mpaka thovu litafika pakamwa pake, n'kupita nalo ku ofesi ya zachilengedwe. Ulendo woyamba anawauza kuti abwana ali kumsonkhano. Wachiwiri anawauza kuti galimoto ilibe mafuta. Wachitatu amayi anakhala pansi pakhomo la ofesiyo, botolo lili pamiyendo, n'kumauza aliyense wolowa kuti alaweko. Pamapeto pake anatuluka mayi wina wamfupi wovala magalasi, woyendera mafakitale, n'kuwalowetsa mkati.

Tsiku la migolo linali Loweruka m'mawa. A Kapitawo anasankha usana dala, ati anthu anazolowera kuona migolo yabuluu ikutsika pakhomo pathu, palibe angadabwe. Dzenje anali atakumbitsa kale ndi aganyu, ndipo kutali kumene abambo ankanena kuja kunali poti munthu ataima m'dzenjemo akhoza kulavulira m'chitsime. Mayi wa magalasi uja anafika lole isanabwere, atavala ngati kasitomala wamba, nsalu ya diresi ili m'manja. Amayi anamulowetsa kuseri kwa katani ya chipinda chosokera, pafupi ndi zenera loyang'ana kuseri, n'kumukulunga tepi m'chiuno kuti wosuzumira aone ngati akumuyeza.

Abambo anapempha kuti tiwatulutsire mpando panja. Ankafuna kuti mkulu wawo aone kuti sanabwerere m'mbuyo pa lonjezo.

Lole inalowa chobwerera mpaka pafupi ndi dzenje. Amuna awiri a ku fakitale anayala thabwa n'kuyamba kugubuduza migolo, a Kapitawo ataima poteropo akulozaloza ndi kiyi. Migoloyo inali yakale, ina yotupa m'mbali. Amayi anatuluka, manja atapinda pachifuwa.

"Alamu, imani cha apa muwalondolere bwino, angagwetsere mgolo m'chitsime."

A Kapitawo anasendera kumunsi kwa thabwa. Sindikudziwa ngati amayi anali ataona kuti chivundikiro cha mgolo wachitatu chinali chong'aluka. Ndinawafunsapo pambuyo pake, anangondiyankha kuti maso a telala saphonya pong'ambika. Mgolowo utagunda pansi chivundikiro chinafwamphuka, ndipo madzi oterera otuwa anathovokera a Kapitawo kuyambira pachifuwa mpaka kunsapato, ena kumaso.

Munthu wamkulu uja anakuwa ngati wapsa ndi moto. Anavula shati mabatani akuthothoka, akudzipukuta kumaso ndi mkono.

"Madzi! Bweretsani madzi msanga! Sopo!"

Amayi sanathamange. Anapita pachitsime, anaponya ndowa, anakoka pang'onopang'ono, n'kubwera nayo thovu likuyandama pamwamba.

"Nawa madzi, alamu. Tsukani m'maso, ena mumweko mtima ukhale pansi."

"Osati a pachitsimepo!" anakuwa a Kapitawo akukankha ndowayo. "Mukufuna kundipha? Amenewo ndi omwewa! Zinthu izi sizichoka m'thupi, mukumva? Iwe, thamanga kulole, muli botolo langa la madzi!"

Amuna awiri aja anasiya mgolo uli pakati pa thabwa. Ine ndinayang'ana abambo. Anali atagwira mikono ya mpando, pakamwa pali pululu, maso awo otupawo ali pa mkulu wawo.

"Achimwene," anatero abambo, "mwati sizichoka m'thupi?"

A Kapitawo anasiya kudzipukuta. "Ayi, ine ndimati... munthu ukadzidzimuka umangolankhula."

"Munadziwa liti?"

"Mng'ono wanga, tikambirana tili awiri."

"Ndafunsa kuti munadziwa liti. Musanatayire m'dzenje loyamba lija, kapena mutatayira kale?"

A Kapitawo anayambanso kudzipukuta, maso ali pansi. Apo ndi pamene katani inasuntha, mayi wa magalasi n'kutuluka, tepi ya amayi ikadali lende m'chiuno, foni ili m'manja akujambula migolo, dzenje, chitsime, ndi a Kapitawo ali chifuwa pamtunda.

"Pitirizani kukambirana, bambo," anatero. "Funso limenelo nanenso ndikulifuna yankho lake."

Amayi anatola shati ija ndi kamtengo n'kuiponya m'dzenje. "Mabataniwo musabwere nawo kuno," anatero. "Makina anga sasoka za afiti."

Zotsatira zake zinayenda msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Migolo inakwezedwanso pa lole n'kupita kumene inayenera kupita poyamba. A zachilengedwe anayenda khomo ndi khomo kutolera migolo yabuluu ija, ndipo amayi ena analira poipereka, ati mgolo wabwinobwino wosadontha. Eni fakitale anasamba m'manja, ati iwo analamula kuti mankhwala akawotchedwe, zokwirira anazipanga kapitawo payekha. Za anthu amene anaviika manja m'thanki zaka zonse zija sanatchulepo kanthu, koma pageti anapachikapo chikwangwani chachikulu chobiriwira chonena kuti tsopano nsalu zawo n'zokomera chilengedwe. A Kapitawo anawalanda makiyi, n'kuwauza kuti atuluke m'nyumba ya kampani.

Pachitsime chathu anapakapo mtanda wofiira n'kuvundikirapo malata, ati adzabwera ndi simenti. Ndinamufunsa mayi wa magalasi kuti nthakayo idzayera liti.

"Yokha? Musadikire," anatero. "Mwana ali kumsanayo adzakalamba zikadali momwemo, pokhapokha dothi lonseli litakumbidwa n'kuchotsedwa. Ndikankha kuti fakitale ichite zimenezo, koma sindikulonjezani tsiku."

Abambo anasiya kulankhula. Ankadya pang'ono, kumwa mankhwala awo, n'kukhala pampando kuyang'ana kuseri. Amayi akawafunsa kanthu ankangoyankha ndi mutu. Ine ndinayamba kuopa kuti mwina tapambana mlandu koma taluza munthu. Amayi nawonso ndinawapeza tsiku lina atakhala pa makina osaponda, koma atandiona anayamba kufunafuna ulusi.

Patapita masabata angapo, masana dzuwa likuswa mtengo, ngolo yokankha inaima pakhomo pathu. Pamwamba panali matiresi, mipando yomangidwa miyendo m'mwamba, ndi wailesi yokulungidwa m'bulangete. Kumbuyo kwake kunali a Kapitawo, nsapato zili mbuu, akazi awo, ndi ana awo aakazi awiri. Achibale a akazi awo anali atawakana, ndipo mumsewu mwathu munalibe amene akanawabwereketsa ngakhale khola la nkhuku.

Amayi anapitiriza kusoka osadzutsa mutu, monga ananenera. Ndinaona pakona pa mlomo wawo pakunjenjemera, ndipo sindinama, nanenso mtima wanga unkavina.

"Alamu," anatero a Kapitawo ali chiimire pakhonde, "tilibe kolowera. Ngakhale chipinda cha makala chomwechi, mpaka ndipeze pogwira."

Makina anapitiriza kulira.

"Choipa chitsata mwini, ndavomera. Koma anawa sanalakwe kanthu."

Apo amayi anaimitsa phazi. Anayang'ana atsikana awiri aja, milomo yawo itauma ndi ulendo, n'kundiuza kuti nditenge makapu. Anapendeketsa okha chigubu cha madzi a ku mpopi, amene tinakankha m'mawa womwewo pachitunda paja, n'kuthirira atsikanawo ndi mayi wawo. Atatha anatseka chigubu mwamphamvu n'kukhalapo pamwamba.

A Kapitawo anameza malovu. "Nanga ine, alamu? Kukhosi kwauma."

Amayi anatsegula pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti mawu amene anawasunga masabata onsewo anali atafika pa lilime. Koma mpando wa pakhomo unalira. Abambo anali akudzuka.

"Asiyeni, mayi," anatero. "Mlendoyu ndi wanga."

Anatenga kapu m'manja mwanga n'kuyamba kuyenda kulowera kuseri, akukoka miyendo, dzanja lina likugwira khoma. Ndinafuna kuwathandiza koma anandikankha. Tonse tinawatsatira. Atafika pachitsime anasuntha malata aja ndi phazi, anaponya ndowa, n'kuyamba kukoka chingwe. Ankapuma pakati, thukuta likutsika pankhope yotupayo, koma palibe analimba mtima kuwalanda chingwecho. Ndowa itafika anamiza kapu, thovu likuzungulira m'mphepete, n'kuipereka kwa mkulu wawo ndi manja awiri, mwaulemu wonse wa mng'ono.

"Chipinda cha makala chilipo, achimwene, mukhalamo. Sindingakuthamangitseni, tinayamwa bere limodzi. Akazi anu ndi ana azimwa a m'chigubu pamodzi ndi banja langa. Koma inu ndi ine tizimwa apa. Ine ndayamba kale, ndakutsogolerani zaka zambiri. Landirani."

"Mng'ono wanga..."

"Landirani, achimwene. Mkono wanga watopa."

A Kapitawo analandira. Anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana pansi. Anayang'ana amayi, amayi anapinda manja pachifuwa. Kapu inapendekeka mpaka madzi kutayikira pa nsapato za a Kapitawo, ndipo abambo anawerama movutikira, anatola chikho cha pachitsime n'kuchimiza mu ndowa, n'kuwadzazira kapuyo mpaka pakamwa.